Shasi Imene Ndinapaka Phula

Ana anga, Rosa, Tomasi ndi iwe Luwiza, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga maso akadaona. Ndikudziwa zimene mukufuna. Mukufuna nkhani za njovu zotitsekera njira ndi za matope a ku Chiputo, kuti muzikawerengera adzukulu anga n'kumaseka. Zimenezo zili m'mitu ina ya kabuku kano. Mutu uno ndi wa galimoto imodzi ndi bodza limodzi. Ndaulemba chifukwa iwe Tomasi ukufuna kugula galimoto yakale yokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo wandifunsa kuti yodalirika ndi iti. Ndikuyankha, koma yankho lake ladzera pa dzina langa. Kwa zaka zambiri anthu a ku Malowera ankanditcha motolisita, ndiye kuti woyendetsa galimoto, amene sanagwetsepo munthu, ndipo dzina limenelo ndinkalikonda kuposa malipiro. Ndikufuna mudziwe mmene ndinalitayira.

Titangobwera kuchokera ku Zambia

Nkhondo itatha tinabwerera kuno ndi katundu wokwana pa njinga imodzi. Ku Zambia, cha ku Petauke, ndinali nditaphunzira kuyendetsa thirakitala pa famu ya munthu wina, choncho nditamva kuti bungwe lina la mipingo lothandiza odwala likufuna munthu mu ofisina yawo yokonzera galimoto ku Fingoe, ndinapita wapansi osadikira kuitanidwa. Ofisina yake inali malata pa mitengo inayi, dzenje, ndi bokosi la masipanala. Mwini bokosilo anali Sinyoro Mateyu, mekaniko wochokera ku Tete, Mnyungwe wamfupi wosaseka, amene ankalankhula ndi galimoto mwaulemu kuposa mmene ankalankhulira ndi anthu. Tsiku loyamba sanandipatse sipanala. Anandipatsa kachiguduli n'kundiuza kuti ndigone pansi pa galimoto ndipukute chitsulo chilichonse mpaka ndichidziwe. Ndinali bambo wa mwana mmodzi kale, ndipo ndinatuluka pansipo madzulo ndili wakuda bii, mtima utawawa. Ndinagona pansi pa galimoto zimenezo mwezi wathunthu.

Masiku amenewo kunalibe chilichonse. Mapesa, ndiye kuti zitsulo zosinthira, ankachokera ku Tete, ndipo ukawaitanitsa chimanga chikumera ankafika chikumasula. Gazoleo, mafuta a dizilo, tinkasefa ndi kapulana, chitenje chakale cha mayi anu, chifukwa ankabwera ndi madzi ndi mchenga. Tinkadula makatoni kupanga magasiketi otseka mipata ya injini kuti isadonthe. Chifukwa cha kusowa kumeneku Sinyoro Mateyu anali ndi njira yakeyake yoonera galimoto yogula, ndipo iwe Tomasi uimvetsetse. Ankati penti ndi ya wogulitsa, ndipo manambala a makilomita aliyense wokhala ndi sikuludiraiva akhoza kuwabweza m'mbuyo. Ankati upite m'mamawa mwini asanailize, uike dzanja pa injini kuti uone ngati yazizira, kenako uimirire kumbuyo uone utsi. Ankatinso usagule galimoto yopanda abale. Tikamayenda ankawerenga ziphapha za galimoto zakufa m'mabwalo a anthu ndi kuseri kwa masitolo, ndipo mtundu umene unali ndi ziphapha zambiri ndi umene ankauvomereza, chifukwa yakufayo ndi imene idzadyetse yamoyo. Galimoto yokongola yopanda mnzake m'boma lonse ankaitcha mlendo, amene akadwala palibe wodziwa mankhwala ake.

Koma chimene ankabwereza mpaka kutitopetsa chinali shasi, zitsulo ziwiri zazitali za pansi zimene zimanyamula thupi lonse la galimoto. Tsiku lina anandimenya ndi chipewa chifukwa ndinayamikira galimoto ina nditangomva kulira kwa injini.

"Lazaro, injini ikafuna kufa imayamba yakuuza. Imatsokomola, imadya oyilo, imakupatsa nthawi. Shasi siuza munthu. Ikasweka n'kuwotcherera, inyamule chimanga, inyamule mbuzi, koma osati anthu."

Ndinavomera monga amavomerera wophunzira, ndi mutu wokha.

Zaka za ku Malowera

Nditatenga karita yoyendetsera galimoto, bungwe linanditumiza ku Malowera kukagwira ntchito ndi Dona Selesitina, namwino wamkulu. Anali mayi wamtali, wa mawu ochepa, wosadya chilichonse panjira kupatula mtedza wokazinga. Sankakalipa kawirikawiri, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi ake unkalakalaka akanangokukalipira. Lamulo lake linali limodzi: galimoto ndi ya odwala. Mkulu wa boma, mbusa, m'bale wa motolisita, onse ayende pa njinga.

Galimoto imene anatipatsa inali yakale kale, ya dizilo, yopanda kompyuta, ya zitseko ziwiri kumbuyo ndi mabenchi m'mbali. Inali yoyera pomwe inkabwera, koma fumbi lathu linaisandutsa yofiirira ndipo sinayerenso. Sinali yothamanga. Pa chitunda munthu wa njinga ankatha kukupatsa moni n'kufunsa za kunyumba. Koma ndikatsika n'kutembenuza maloko a mawilo akutsogolo, n'kulowetsa giya yaing'ono, inkatuluka m'matope amene thirakitala inkawaopa. Anthu anaipatsa dzina loti Saopamatope, ndipo ana ankaimva ikadali kuseri kwa phiri. Ndinkaikonda galimoto imeneyo, ndinene poyera. Mayi anu ankandiseka kuti ali pa mitala ndi mkazi wa matayala anayi, ndipo wamkulu ndi uyo wa matayalayo chifukwa ndi amene ndinkayamba kumusambitsa m'mawa.

Tinayenda nayo Chipera, Chiputo, Fingoe, nthawi zina mpaka ku Tete. Tinanyamula amayi oyembekezera, olumidwa ndi njoka, ana a malungo, ndi munthu wina amene anagundidwa ndi ng'ombe yake yomwe. Sindinagwetsepo munthu, sindinagundepo ngakhale mbuzi. Kutchalitchi ankandikhazika kutsogolo. Pa ukwati ankandipatsa chiwindi. Dona Selesitina atafunsidwa ndi akuluakulu a bungwe ngati akufuna motolisita wina wodziwa bwino Chipwitikizi, anawayankha kuti Chipwitikizi sichiwolotsa mtsinje. Mawu amenewo ndinawamva kwa mlonda, ndipo ndinayenda nawo pamtima ngati mendulo.

Chaka cha maliro a agogo anu

Agogo anu aamuna, bambo a mayi anu, anamwalirira ku chipatala cha ku Fingoe mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Kwawo kunali kupitirira Chiputo, ndipo inu mukudziwa kuti munthu wamkulu ngati ameneyo sangaikidwe kuchilendo. Dona Selesitina anali ku Tete ku msonkhano wa sabata yathunthu, makiyi ali m'thumba mwanga. Alamu anga anabwera n'kukhala pakhonde, maso ali pa galimoto. Sanafunike kunena. Ine ndinali mkamwini, munda umene tinkadya unali wa malemuwo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mkamwini wawo ali ndi Saopamatope. Ndikanakana, mayi anu akanayenda chowerama moyo wawo wonse. Ndinagwira njakata, koma kunena zoona sindinaganize nthawi yaitali.

Tinakweza bokosi. Kenako anakwera azakhali, atsibweni, amayi a kwaya, ndi anthu ena amene mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Pamaliro sungauze munthu kuti tsika. Padenga anamangapo matumba a chimanga ndi mbuzi ziwiri. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, ine n'kumadziuza kuti ndiyenda pang'onopang'ono. Pa mtsinje wina wa mchenga tisanafike ku Chiputo, madzi anali atadya gombe usiku wake n'kusiya phompho lofika m'bondo. Ndinaliona mochedwa. Mawilo akumbuyo anagweramo ndi katundu yense uja, ndipo pansi pa nyimbo za amayi ndinamva kulira kwa chitsulo, kamodzi kokha, kuti thwa. Palibe wina anamva. Tinawoloka, tinafika, tinaika maliro, ndipo anthu anandithokoza mpaka ndinachita manyazi.

M'mawa mwake ndinaiimika kuseri kwa tchire n'kugona pansi pake. Shasi ya kumanzere inali itang'ambika pamwamba pa wilo lakumbuyo, mng'alu wolowa chikhadabo, kuchokera pansi mpaka kupitirira theka. Ndinagona pamenepo nthawi yaitali. Ndinkaona Dona Selesitina akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndinkaona makiyi akuperekedwa kwa wina, iwe Luwiza uli wakhanda, ndi anthu akunena kuti uja ankatama uja wathyola galimoto ya odwala ponyamula abale ake. Ndinaiyendetsa ngati ndanyamula mazira mpaka kwa munthu wina wowotcherera zitsulo kufupi ndi malire, amene sankandidziwa bwino. Anawotcherera mng'aluwo n'kuphatikapo chitsulo china mkati. Ine ndi manja angawa ndinasungunula phula n'kupaka malo onsewo, ndinathirapo oyilo wakuda, n'kuwaza fumbi kuti pafanane ndi ponse. Ndinapakanso mbali ya kumanja kuti pasaoneke kusiyana. Ntchito imeneyo ndinaigwira mwaluso kwambiri, ndipo luso lake linali lomwe lija anandiphunzitsa Sinyoro Mateyu.

Dona Selesitina atabwera ndinawauza za maliro, chifukwa zimenezo sizikanabisika. Anandiyang'ana, n'kunena kuti apongozi amamwalira kamodzi, zisadzachitikenso. Anandifunsa ngati galimoto ili bwino. Ndinati ili bwino.

Ndinayenda nayo zaka zina zisanu ndi zinayi. Loweruka lililonse ndinkagona pansi pake kuyang'ana ngati phula lang'ambika, anthu n'kumati onani mmene a Lazaro amasamalira galimoto. Ndinkatsika pa mtsinje uliwonse kuyeza gombe ndi ndodo, ndinkakana katundu wolemera, anthu n'kumati onani kusamala kwake. Dzina langa linakula chifukwa cha mantha anga omwe. Pena ndinkaiwala kwa miyezi, pena ndinkadziuza kuti chitsulo chowotcherera bwino chimalimba kuposa chatsopano. Koma ndikanyamula mayi wobuula kumbuyo, wilo n'kugunda mwala, ndinkatchera khutu kumvera chitsulo chija.

Chaka chimene bungwe linachoka

Bungwe litamaliza ntchito yake kuno, linalengeza kuti ligulitsa galimoto zake. Ine ndinali nditatsala pang'ono kupuma. Mipingo ya midzi yathu inagwirizana kuti sitingakhale opanda galimoto ya odwala, ndipo anthu anasonkha zimene anali nazo, wina chimanga, wina mbuzi, wina thonje la chaka chonse. Anasankha komiti, ndipo komitiyo inati wosankha galimoto ndi woiyendetsa akhale a Lazaro. Kwa iwo nkhani inali yotha kale. Tigula Saopamatope, imadziwa njira, ndipo Dona Selesitina anali atapempha akuluakulu kuti atigulitse ife tisanapikisane ndi amalonda.

Ndinapempha kuti ndikaone kaye zina ku Tete, anthu n'kumaseka kuti mkuluyu akufuna kukadya nsomba za mu Zambezi. Ndinaona galimoto zitatu. Yoyamba inali yonyezimira, ya mipando yofewa ndi magetsi ambirimbiri kutsogolo kwa woyendetsa, yoti sinatulukepo m'tauni. Pansi pake panali poyera bwino. Koma nditafunsa mekaniko wa pafupi anati ikadwala imafuna kulumikizidwa ku kompyuta, ndipo kuchokera ku Tete mpaka kwathu sindinaonepo chiphapha cha mtundu wake. Yachiwiri mwini wake anali atailiza ine ndisanafike, injini ili yotentha dzuwa lisanakwere, ndipo pansi pake panali phula latsopano. Ndinangonunkhiza n'kudzuka. Mwiniyo anadabwa kuti ndadziwa bwanji. Yachitatu inali ya kampani ina yogula mbewu, mtundu umodzi ndi Saopamatope, yonyansa kuiona. Galasi lakumbuyo kunalibe, chitseko chimodzi ankamanga ndi waya, mipando itadyedwa ndi makoswe. Injini inalira kachitatu, ndi utsi wosonyeza kuti yatopa koma sinafe. Ndinagona pansi pake maola awiri ndi kampeni ndi kanyundo, kupala ndi kugogoda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Shasi yake inali yathunthu, inkalira mofanana ponseponse.

Pobwerera, pamwamba pa lole ya chimanga, ndinali ndi tsiku lonse loganiza. Panali njira zosavuta. Ndikanavomera Saopamatope n'kupitiriza kugona pansi pake Loweruka, koma ine ndinali kukalamba, ndipo tsiku lina makiyi akanapita kwa munthu wosadziwa chimene chili pansi pa phula, woti adzalowa m'phompho mothamanga ndi odwala kumbuyo. Ndikananama kuti injini yatha, koma theka la Malowera linkaidziwa injini imeneyo ndi khutu. Ndikanangoti ndakonda ya ku Tete ija osapereka chifukwa, akanati ndadyapo kanthu, n'kugulabe Saopamatope. Njira yoti anthu aisiye inali imodzi basi. Nditafika ndinauza mayi anu zonse tili kumunda. Anasiya khasu n'kukhala pa mzere. Kenako anati anali maliro a bambo awo, choncho manyaziwo tigawana, ndipo pa msonkhano adzakhala kutsogolo.

Tsiku la msonkhano

Unali mwezi wa Ogasiti, Lamlungu mapemphero atatha, pabwalo la tchalitchi. Saopamatope inali itaimikidwa pansi pa mtengo, ndipo amayi ena anali ataikolekera kale maluwa a mapepala. Dona Selesitina anabwera ndi makalata ake m'chikwama. Wapampando wa komiti, a Zakariya, amene analinso ndi sitolo ndi chigayo, analankhula nthawi yaitali za ubwino wa galimotoyo ndi wa motolisita wake, anthu n'kumaomba m'manja. Kenako anati a Lazaro anenepo mawu awiri tisanasaine.

Ndinaimirira. Ndinati galimoto imeneyi tisagule. Anthu anaseka, ankayesa ndikuchita nthabwala. Ndinavula jekete la tchalitchi, ndinalipereka kwa mayi anu, n'kugona pansi pa galimoto ndi kampeni kanga. Phula la zaka zisanu ndi zinayi linali litauma gwa, ndipo ndinapala nthawi yaitali bwalo lonse lili zii, kumveka kampeni kokha. Chipsera chitaonekera ndinaitana a Zakariya ndi amuna ena kuti agwade aone. Kenako ndinatuluka, n'kuimirira ndi fumbi langalo, n'kunena zonse: maliro, mtsinje, wowotcherera uja, phula, ndi yankho limene ndinapatsa Dona Selesitina. Sindinachepetse kanthu. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo wanga ndinaupeza uli wauwisi ngati wa dzulo.

Panabuka phokoso. Ena ankati palibe vuto, yayenda zaka zonsezi. Ena ankati ndiye kuti nthawi yonseyi tinkakwera bokosi la maliro. Pakati pa phokosolo anaimirira a Jowakimu Banda, mlimi wa mudzi wa kutsidya, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akulankhula pa msonkhano. Akazi awo ndinawanyamula chaka china mvula ili pakati, mwana atapingasa m'mimba, ndipo tsiku limenelo ndinathamanga kuposa masiku onse a moyo wanga. Mayi ndi mwanayo, Marita, anapulumuka, ndipo chaka chilichonse a Jowakimu ankandibweretsera nkhuku.

"A Lazaro, ndifunse chimodzi. Tsiku lija munanyamula amake Marita, ine ndili kumbuyo nditawagwira mutu, chitsulochi chinali chitasweka kale?"

"Chinali chitasweka, a Banda."

"Ndipo inu mumadziwa."

"Ndimadziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anavala chipewa, n'kuchoka pabwalopo osatembenuka. Ndikanakonda akanandimenya.

Dona Selesitina sanalankhule pagulu. Anthu akubalalika anandipeza ndikupukuta kampeni, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi monga kale.

"Sinyoro Lazaro, mukanandiuza tsiku lomwelo ndikanakukalipirani sabata imodzi. Kenako ndikanalemba kalata, akanatumiza shasi ina. Sindikanakuchotsani. Motolisita wina ndikanamupeza kuti?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse a tsikulo, chifukwa ndinadziwa kuti akunena zoona. Zaka zonse zija ndinkaopa chinthu chimene kunalibe, n'kuika miyoyo ya anthu pa chinthu chimene chinalipo. Ndinapepesa, iwo anangoti, "Lero mwachita bwino, koma mwachedwa."

Komiti inakumana kawiri ine kulibe. Pomaliza anagula galimoto yonyansa ija ya ku Tete, chifukwa ngakhale anali atakwiya, palibe amene anatsutsa kuti pansi pa galimoto ndimadziwapo. Koma makiyi anapatsa munthu wina, mwana wa mlongo wa a Zakariya, bambo wodekha amene amayendetsa bwino ndithu. Kutchalitchi palibe anandichotsa kutsogolo, ndinasamuka ndekha. Galimotoyo tinaisinthira injini patapita zaka ziwiri, kuchokera m'chiphapha china cha ku Chipera, ndipo ikunyamulabe odwala mpaka lero. Loweruka lina woyendetsayo amabwera nayo kunyumba kuti ndiimvere, ndipo ndimagona pansi pake ngakhale msana ukudandaula.

Zaka zino

Tsono mverani chimene chimaseketsa anthu. Saopamatope anaigula a Zakariya iwo eni, motchipa, ine nditawachenjeza pamaso pa mboni kuti ikhale ya chimanga chokha. Anaonjezera zitsulo zina pa chipsera chija, anadula denga lakumbuyo, ndipo chimanga ananyamula mwezi umodzi. Lero imanyamula anthu tsiku la msika, odzaza mpaka ena kulendewera, ndipo sinathyoke. Zaka zapita, sinathyoke. Anthu amandiloza n'kumati mkulu uja anataya bomwetamweta chifukwa cha mng'alu wosapha ndi nkhuku yomwe. A Zakariya akandipeza panjira amaimitsa dala, n'kukuwa kuti kwerani akulu, mkazi wanu wakale wakusowani, simulipira. Okwera amaseka, inenso ndimaseka nawo, n'kuwauza kuti apite bwino. Sindiitemberera galimoto imeneyo, ndimaipempherera kuti ifike. Mwina idzayenda zaka zina khumi. Koma galimoto yodalirika si imene sinakugwetse, Tomasi, ndi imene ukudziwa chifukwa chake sikugwetsa. Ine ndinaona mkati mwa chitsulo chimenecho, ndipo sindidzakwera, ndiponso inu ana anga ndi ana anu musadzakwere ine ndili moyo.

Choncho tsiku la msika ndimapita pa njinga, ndipo pobwerera, poti miyendo yatha, zitunda zonse ndimakankha. Msewu umenewo masiku ano oyenda pansi ndi ochepa, pafupifupi aliyense amakwera ya a Zakariya. Amene sakwera tilipo awiri, ine ndi a Jowakimu Banda. Chichokereni pabwalo la tchalitchi paja sanandilankhulepo. Pamaliro ankakhala mbali ina, panjira ankayang'ana kutchire. Kwa zaka zonsezi takhala tikuyenda msewu umodzi tsiku limodzi, iwo mbali iyo ine mbali ino, nthawi zina motalikirana poti mwala ukhoza kufika. Ndinayesa kupereka moni kawiri chaka choyamba, kenako ndinaona kuti ndilibe ufulu wowakakamiza.

Mwezi wathawu ndinawapeza m'munsi mwa chitunda chachikulu chija, dzuwa lili paliwombo. Anali atatula thumba la feteleza pansi, akupuma, ndipo pambali pawo panali Marita, amene tsopano ndi mtsikana wamkulu wa sukulu ya sekondale, atasenza dengu. Nthawi yomweyo Saopamatope inatulukira kumbuyo kwathu ili tho ndi anthu. A Zakariya anaimitsa n'kuyamba nthabwala zawo zija, kenako anauza a Jowakimu kuti aponye thumbalo pamwamba ndipo mwanayo akwere, dzuwa lingamuphe. Marita anayang'ana bambo ake. Iwo anapukusa mutu. Galimoto inanyamuka n'kutisiyira fumbi, ndipo tinaima atatu kuiyang'ana ikukwera chitunda, ikupendekera kumanzere.

Fumbi litatsika ndinagwira njinga kuti ndidutse monga mwa masiku onse. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"A Lazaro. Njinga yanuyo kumbuyo kuli malo?"

Ndinati malo alipo. Chingwe chinandipulumuka kawiri, mpaka Marita anatula dengu n'kundithandiza kumanga. A Jowakimu anagwira chishalo, ine ndinagwira mahandulo, ndipo tinayamba kukankha. Sitinalankhule za galimoto, kapena za tsiku lija. Titafika pakati pa chitunda anandifunsa ngati chimanga changa chinapulumuka ku mbozi chaka chino, ndipo ine, nkhalamba ya imvi, ndinalephera kuyankha mpaka titafika pamwamba.